Ana Olowerera a Kugombe: Magwero a Bvutoli ndi Kupewa Kwace

Phunziro la mwezi uno, la makolo, alangizi, aphunzitsi ndi akuru a midzi ya kunyanja.

Mau amene amveka kawirikawiri m'mabwalo a mirandu kuno ku Salima, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Senga Bay ndi ku Lifuwu, ndi akuti, "Ana a masiku ano sakumva." Wina adandaula kuti usipa wace wacotsedwa pathandala usiku, wina kuti ukonde wace wadulidwa, wina kuti mbuzi yace yasowa m'khola. Ndipo pofufuza, wakubayo apezeka kuti ndi mnyamata wa zaka 13 kapena 15, mwana wa m'mudzi momwemo, amene amace titunga nao madzi pamjigo umodzi.

Kudandaula kokha sikubweza mwana. Cifukwa cace m'phunziro ili tifuna kusanthula magwero a bvutoli monga lioneka kuno kugombe, ndi kuona cimene tingacite. Mutu wa zonse tidzanenazi ndi uwu: mwana salowerera tsiku limodzi. Kulowerera kumera pang'onopang'ono m'maora amene palibe wamkuru wofunsa kuti, "Mwana uja ali kuti?" Ndipo mankhwala ace oposa onse ndiwo kubweza wofunsayo pamalo pace.

1. Amene tirikunena za iwo ndani?

Pa kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti m'boma la Salima muli anthu oposa 478,000, ndi kuti m'dziko lonse la Malawi pafupifupi theka la anthu ndi osafika zaka 18. Tsono ponena za ana sitirikunena za kagulu kakang'ono iai, koma za theka la mudzi uli wonse.

Lamulo la dziko lisiyanitsa ana monga mwa misinkhu yao. Kuyambira caka ca 2017, pamene aphungu a Nyumba ya Malamulo anakonzanso malamulo akuru a dziko, munthu ali yense wosafika zaka 18 ayesedwa mwana. Mwana wosafika zaka 10 sangaimbidwe mlandu konse. Wa zaka 10 koma wosafika 14 saimbidwa mlandu pokhapokha kutaoneka kuti anadziwa kuti cimene anacitaco ndi coipa. Apa lamulo libvomerezana ndi cimene makolo athu anadziwa kale, kuti nzeru za mwana zikali kukula, ndipo mlandu wace suyesedwa ndi muyeso wa munthu wamkuru.

Zolakwa za ana a kugombe kawirikawiri ziyamba zazing'ono: kuthawa sukulu, kutapa nsomba m'bwato la mwini, kuba nkhuku, kuchova njuga, kusuta camba. Zikapanda kuonedwa zikula, zifika pa kuthyola nyumba, kubvulaza anthu ndi kugwirira asungwana. Ndipo tisayese kuti bvutoli ndi la anyamata okha. Msungwana wothawa kwao, nayendayenda m'malo omwera mowa, kapena wopatsidwa nsomba ndi msodzi posinthana ndi thupi lace, nayenso watayika. Komatu iye ndiye wolakwiridwa, ndipo mlandu uli pa wamkuru amene amcita zimenezo.

2. Kodi mwana abadwa nako kuba?

Ambiri poona mwana wakuba anena, "Ndi magazi a kwao," kapena, "Anamlodza." Mau otere atonthoza akuru, pakuti awacotsera nchito, koma anthu amene anatsata miyoyo ya ana zaka zambiri anapeza zina.

M'caka ca 1950, mu mzinda wa Boston ku Amerika, Sheldon Glueck ndi mkazi wace Eleanor Glueck anabukitsa zimene anapeza poyerekeza anyamata 500 olakwira lamulo ndi anyamata ena 500 osalakwa. Anawasankha ofanana msinkhu ndi nzeru, onse okulira m'madera a anthu osauka. Cimene cinawasiyanitsa kwambiri cinapezeka m'nyumba: olakwawo ambiri anali osayang'aniridwa, olangidwa mwa nkhanza lero nalekereredwa mawa, ndi osakondana ndi makolo ao.

Ku London nako, kuyambira caka ca 1961, anatsata anyamata 411 kucokera paubwana kufikira atakula. Anapeza kuti kagulu kocepa, monga 6 mwa 100 ali onse, ndiko kanapalamula pafupifupi theka la mirandu yonse ya gululo. Ndi kuti zizindikiro zace zinaoneka kale ali ndi zaka 8 kufikira 10: umphawi, kulephera m'kalasi, kholo lopalamula mirandu, ndi maleredwe osalongosoka.

Pamenepa tiphunzirapo ziwiri. Coyamba, ana ambiri amene alakwa paunyamata aleka okha akakula, ngati sitinawakankhire kuphompho. Caciwiri, amene adzakhala mbala zenizeni aoneka msanga, pamene kuwaongola kuli kotheka. Makolo athu sanapite ku Boston, koma ananena comweco m'mau ocepa: m'mera mpoyamba.

3. Magwero a bvutoli kuno kunyanja

Gwero loyamba ndilo ndalama zofika msanga. Mwana wa kumtunda wolima fodya kapena cimanga aona ndalama kamodzi pacaka, ndipo ziri m'manja mwa atate wace. Koma mwana wa kugombe atha kukoka khoka m'mamawa, kapena kukapa madzi m'boti, kapena kusenza mabeseni a usipa, napatsidwa nsomba zimene agulitsa pomwepo dzuwa lisanakwere. Nyanja siipa, ndiyo itidyetsa. Koma ndalama yofika m'thumba nzeru zisanafike m'mutu ndi moto m'manja mwa khanda. Mnyamata wa Sitandade 5 wokhala ndi ndalama tsiku ndi tsiku ayamba kupeputsa mphunzitsi, napeputsanso amace, pakuti ayesa kuti ndiye awadyetsa. Tsono ukaomba mwera masiku ambiri, maboti osalowa m'nyanja, cizolowezi ca ndalama cikhalapobe pamene ndalamayo palibe. Apo mpamene dzanja liyamba kutalika.

Gwero laciwiri ndilo usiku wopanda mwini. Usodzi wa usipa ndi wa usiku, wa nyali. Amuna alowa m'nyanja ndi cirimira madzulo, nabwera mbandakuca; akazi alawirira kugombe kukagula nsomba, nakhala tsiku lonse pathandala, kapena akwera galimoto kukagulitsa ku Lilongwe. Usana abambo agona. Ndani tsono aona ngati mwana wapita kusukulu? Kale anyamata anagona kumphala ndi asungwana kukuka kwa agogo ao, ndipo panali wamkuru wodziwa amene wasowa. Lero mnyamata akhala m'nyumba ya vidiyo kufikira pakati pa usiku, nagona pamcenga pansi pa boti, ndipo palibe amene anawerenga mitu.

Gwero lacitatu ndilo atate okhala kutali. Ili ndi bala lakale m'dziko lathu. Kuyambira masiku a msonkho wa nyumba amuna anapita ku migodi ya ku Joni ndi ku minda ya ku Rhodesia, ndipo ena sanabwerenso, nachedwa machona. Njanji itafika ku Salima m'caka ca 1935 ulendowo unapepuka. M'caka ca 1974, ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown ndi kupha anthu oposa 70, boma linaimitsa kulemba anthu a ku migodi. Koma ulendo wa ku Joni sunathe, upitirira ndi mabasi kufikira lero. Palinso asodzi osamukasamuka potsata nsomba, osiya mkazi ndi ana pa doko ili nakakwatira pa doko lina. Onjezanipo ana amasiye amene matenda a Edzi anawasiya m'manja mwa agogo okalamba. Pa mwambo wathu, wa Acewa ndi wa Ayao womwe, mwana wotere sanayenera kusowa mwini, pakuti ali ndi amalume ace, eni mbumba. Koma ngati amalumewo naonso ali ku Joni, kapena angosamala ana a m'nyumba mwao mokha, mwanayo agwa pakati, monga mbeu yogwera pamsewu.

Gwero lacinai ndilo njala ndi sukulu yosagwira mwana. M'caka ca 1994 boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo ana ocuruka analowa. Lamulo la maphunziro la 2013 linati mwana ali yense ayenera kuphunzira pulaimale. Koma mwana wolowa m'kalasi ndi m'mimba mopanda kanthu, wokhala pakati pa anzace oposa amene mphunzitsi mmodzi angathe kuwadziwa maina, wobwereza kalasi kawiri ndi katatu kufikira akhala wamtali pakati pa tiana, acita manyazi. Kusukulu asekedwa, kugombe ayamikidwa kuti ali ndi mphamvu. Kodi adzasankha kuti? Kawirikawiri tsiku limene mwana aleka sukulu ndilo tsiku limene njira ya kupolisi itseguka.

Gwero lacisanu ndilo akuru odyera pa ana. Mwana safulula kacasu, salima camba, sakhala mwini nyumba ya njuga. M'caka ca 2015 boma linaletsa mowa waukali wa m'masaceti, umene ana anaugula ndi ndalama yocepa nauika m'thumba la yunifolomu. Koma mowa womwewo unabweranso m'timabotolo. Ndipo ukonde wobedwa, batire la nyali lobedwa, foni yobedwa, zonsezi ziri ndi wogula, ndipo wogulayo ndi munthu wa ndebvu. Pakadapanda msika wa zakuba, ana akuba akadacepa. Pali eni maboti ena amene akonda kulemba ana cifukwa mwana satsutsa malipiro. Komatu lamulo la nchito la caka ca 2000 liletsa kulemba mwana wosafika zaka 14, liletsanso kupatsa wosafika zaka 18 nchito yoopsya moyo wace kapena yoononga maphunziro ace. Kulowa m'nyanja usiku ndi nchito yoopsya ndithu.

Gwero lacisanu ndi cimodzi ndilo cilango cosalongosoka. M'nyumba zina mwana akabwera ndi nsomba zosadziwika kocokera, amace aziphika osafunsa; koma tsiku limene mwini nsomba afika pakhomo, mwana yemweyo amenyedwa kufikira kutupa. Mwanayo aphunzira ciani? Aphunzira kuti coipa si kuba, koma kugwidwa. Mwana wokula ndi ndodo ya tsiku ndi tsiku, woona atate ace akumenya amace, aphunzira kuti mkangano uthera pa nkhonya, ndipo phunzirolo alitengera kubwalo.

Taonani, abale, kuti magwero onse asanu ndi limodziwa akomana pa malo amodzi. Umphawi wokha supanga mbala, pakuti tidziwa ana osauka ambiri okhulupirika. Cimene cisandutsa umphawi, umasiye ndi ndalama za kugombe kukhala kulowerera, ndico kusowa kwa munthu wamkuru amene adziwa kumene mwana ali, amene mwanayo amkonda namuopa kumcititsa manyazi.

4. Phunziro la ku Mbenji

Ena adzati, "Anthu a kugombe salamulika, ndi obwera ndi opita." Koma m'boma lathu lomwe lino muli umboni wotsutsa mau amenewo. Pa cisumbu ca Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira, mafumu anaika lamulo kuyambira zaka za m'ma 1950 lakuti nyanja ya kumeneko itsekedwe nyengo ya dzinja, kuyambira mwezi wa Disembala kufikira ca mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Ndipo nyengo yotsegula iri ndi malamulo acenso: pacisumbupo saloleza mowa, camba kapena njuga, ndipo wolakwira acotsedwapo. Asodzi ocokera kutali, a mitundu ndi zipembedzo zosiyana, amvera. Ndipo utaka wa ku Mbenji wachuka cifukwa ca lamulolo, kotero kuti anthu a maphunziro adza kudzaona m'mene lisungidwira.

Cinsinsi cace nciani? Lamulolo ndi lodziwika kwa onse. Ligwira ali yense mofanana. Pali anthu oikidwa kuliyang'anira. Ndipo onse aona phindu lace. Tsono tifunse: ngati anthu a kunyanja atha kugwirizana kuti asunge tiana ta nsomba kufikira titakula, alephera bwanji kugwirizana kuti asunge ana a anthu? Ukonde wa maso ang'onoang'ono tiuletsa cifukwa ukokolola nsomba zosakhwima. Nyumba ya njuga yolandira ana ndi boti lolemba mwana wa sukulu ndi ukonde wa mtundu womwewo.

5. Njira za kupewa

Kwa makolo. Funsani mafunso atatu tsiku liri lonse: Unali kuti? Unali ndi yani? Ici wacitenga kuti? Musalandire kanthu ka mwana kamene simudziwa gwero lace, ngakhale ndiwo zitasowa. Mwana akapeza ndalama ya ganyu woyenera pa masiku a chuti, muwerenge naye pamodzi, mumthandize kugula kope, nsapato kapena nkhuku yoweta, kuti aphunzire kuti ndalama iri ndi mawa. Cilango cikhale comweco lero ndi mawa, cofotokozedwa, cosacitika mu ukali. Ndipo ngati nchito ikucotsani pakhomo usiku, chulani dzina la munthu amene mwamsiyira ana, ndipo anawo amdziwe.

Kwa amalume ndi ankhoswe. Udindo wa mwini mbumba suthera pa kulandira nkhuku ya ukwati. Mlongo wanu akasiyidwa ndi mwamuna, mwana wace wamwamuna asowa munthu womphunzitsa kusoka ukonde, kusema mpini, kulankhula pa bwalo. Mnyamata wosowa mwamuna wamkuru womtsogolera adzadzipezera yekha, ndipo amene adzampeza kugombe usiku sadzakhala wabwino.

Kwa eni maboti ndi makomiti a kugombe. Inu muli ndi mphamvu yoposa ya mphunzitsi, pakuti ndinu mugwira ndalama. Panganani pa doko lanu kuti mwana wa msinkhu wa sukulu asalowe m'boti usiku, ndipo asapatsidwe ganyu nthawi ya sukulu. Mwini boti mmodzi sangathe yekha, pakuti mwana wokanidwa apa adzalandiridwa apo. Koma doko lonse likapangana, monga ku Mbenji, lamulo ligwira.

Kwa aphunzitsi ndi makomiti a sukulu. Kaundula wa maina ndiye mlonda woyamba. Mwana akajomba masiku atatu otsatana, mau afike kwa makolo ndi kwa nyakwawa sabata lomwelo, osadikira kutha kwa teremu. Kumene kuli phala la kusukulu, lisungidwe bwino, pakuti kapu imodzi ya phala ibweza ana amene ndodo siingawabweze. Ndipo mwana wamkuru msinkhu wobwerera kusukulu asasekedwe, koma apatsidwe udindo.

Kwa mafumu. Nyumba za vidiyo ziikidwe nthawi yotsekera, ndipo zisalandire ana nthawi ya sukulu. Wogulitsa mowa kwa mwana ndi wogula katundu kwa mwana aitanidwe kubwalo poyamba, mwanayo asanaitanidwe. Miyambo ya cinamwali ndi jando icitike pa chuti, ndipo anamkungwi ndi angaliba akumbutsidwe kuti mwana woturuka kusimba akali mwana wa sukulu. Mau akuti "tsopano wakula" asamveke kwa iye ngati cilolezo ca kunyoza amace kapena kuyamba za akuru.

Kwa mipingo ndi mizikiti. Kuno kunyanja Akristu ndi Asilamu tikhala mpanda umodzi, ndipo ana athu asewera mpira umodzi. Wogulitsa camba safunsa kuti mwana apemphera kuti. Cifukwa cace mkuru wa mpingo ndi shehe ayenera kukhala pamodzi pa nkhani iyi. Alangizi asadikire tsiku la cilangizo lokha. Gulu liri lonse la amai ndi la abambo lilembe maina a ana amasiye ndi a ana a machona a m'dera lao, ndipo mwana ali yense apatsidwe munthu mmodzi womyendera sabata ndi sabata. Kwaya, mpira, ndi kuphunzitsa ukalipentala, utelala kapena kukonza injini za maboti, zidzaze maora a madzulo, pakuti mnyamata wopanda cocita adzapeza cocita. Paja akuru anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe.

6. Mwana akalakwa kale

Tsono titani ndi mwana amene wagwidwa kale? Pano pali maenje awiri. Loyamba ndilo kubisa mlandu cifukwa mwanayo ndi wathu. Laciwiri ndilo kumgwira ndi kummenya pagulu, monga kucitika m'misika, kumene ena afa cifukwa ca nkhuku imodzi. Kumenya wakuba pagulu ndi mlandu pa lamulo, ndipo sikunaongolepo mwana ndi mmodzi yemwe.

Maiko anaphunzira pang'onopang'ono kuti mwana woikidwa m'ndende pamodzi ndi mbala zazikuru aturukamo ali mmisiri wa kuba. Bwalo loyamba la mirandu ya ana okha linatsegulidwa ku Chicago m'caka ca 1899. M'caka ca 1989 maiko a dziko lapansi anapangana pangano la ufulu wa ana, ndipo Malawi analibvomera mu 1991. Kwathu kuno, lamulo lakale la ana la 1969 linalowedwa m'malo ndi lamulo la 2010 la kusamalira, kuteteza ndi kuweruza ana. Makolo ayenera kudziwa zimene lamuloli linena. Mwana akagwidwa, apolisi ayenera kudziwitsa makolo kapena womlera. Asasungidwe pamodzi ndi akuru. Mlandu wace upita ku bwalo la ana, kumene mkuru wa boma woona za umoyo wa anthu afotokoza za kwao kwa mwanayo. Ndipo pa mirandu yaing'ono, mwana akabvomera kulakwa kwace, lamulo lilola kumpatutsa pa njira ya kukhoti: apepese, abweze kapena alipe cimene anaononga, agwire nchito yothandiza mudzi, abwerere kusukulu, ndipo aikidwe m'manja mwa munthu womyang'anira. Amene mirandu yao ndi yaikuru atumizidwa ku sukulu zoongolera ana, monga ya Chilwa ku Zomba ndi ya Mpemba ku Blantyre.

Njira iyi si yacilendo kwa ife. Ndiyo njira ya bwalo la makolo, kumene wolakwa anaima pamaso pa wolakwiridwa, abale ace nalipa mbuzi, ndipo mlandu utatha onse anadyera pamodzi. Mnyamata amene wadula ukonde wa mwini, akakhala masabata awiri akuusoka pamaso pa mwiniwaceyo, aphunzira mtengo wa cimene anaononga koposa m'mene akadaphunzirira m'cipinda ca kupolisi. Koma njirayi iri ndi malire ace. Mlandu wa kugwirira, wa kupha kapena wa kubvulaza kwambiri suthera pamudzi. Upite kupolisi, pakuti wolakwiridwayo nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo kulandira mbuzi pa mlandu wa msungwana wogwiriridwa ndiko kumgulitsa.

Cotsiriza ndi ici: mwana wobwera kucokera ku Chilwa kapena ku Mpemba alandiridwe. Ngati mudzi wonse umchula "mbala," ngati kanthu kakasowa ali yense aloza iye, ngati sukulu imkana ndipo palibe mmisiri womlandira, adzabwerera kwa okhawo amene amlandira, ndiwo anzace akale. Dzina loipa ndi ndende yaciwiri, ndipo makiyi ace ali ndi ife. Amalume ace amlandire pa bwalo pamaso pa mfumu, apatsidwe nchito ya manja, ndipo pakhale munthu womfunsa madzulo ali onse kuti tsiku layenda bwanji.

Abale, msodzi sadikira kuti boti limire kuti amate pobooka; aliyang'ana m'mawa uli wonse likali pamcenga. Momwemonso nchito iyi ndi ya masiku onse, yosaoneka, yopanda mbiri. Mwezi uno ali yense wa ife asankhe mwana mmodzi wa pafupi naye amene alibe womfunsa, nayambe kumfunsa.

Mafunso a kukambirana m'magulu

1. M'mudzi mwanu, ndi ana angati a msinkhu wa sukulu amene agona kugombe kapena kumsika? Kodi mutha kuwachula maina ndi eni mbumba ao?

2. Mwa magwero asanu ndi limodzi tawachula aja, ndi liti limene lakula kwanuko, ndipo ali ndi mphamvu ya kulitseka ndani?

3. Ndi malamulo ati awiri kapena atatu amene doko lanu lingapangane mwezi uno, ndipo adzawayang'anira ndani?

4. Mwana wa zaka 12 akaba usipa pathandala, mlandu wace uyende bwanji kuti mwini usipa akhutire ndipo mwanayo asatayike?

5. Kodi kwanuko kuli mwana wobwera kucokera kupolisi kapena ku sukulu yoongolera ana? Wamyendera ndani?